Achemwali Ankadya Makoko

Chaka cha 2016 kwathu ku Phalombe chimanga chidafota chisanabereke. Mvula idabwera mochedwa n'kudula msanga, ndipo pofika mwezi wa Epulo boma lidalengeza kuti dziko lagwa m'ngozi ya njala. M'munda mwa achemwali anga chidapirira ndi nandolo yekha, poti mizu yake imalowa pansi kwambiri, dzuwa salimva msanga. Chaka chomwecho ndi chimene alamu anga, amuna awo a achemwaliwo, adayamba kutsokomola.

Poyamba tinkati ndi fumbi. Munthu wopalasa kabaza tsiku lonse pamsewu wa ku Migowi, kunyamula anthu ndi matumba, angalephere bwanji kutsokomola? Koma chifuwa chija chidatha mwezi, kenaka iwiri. Usiku ankadzuka zofunda zitanyoweratu ndi thukuta. Lamba wa buluku adamuboola kabowo kena, pasanapite nthawi kenanso. Pamudzi padayamba manong'onong'o. Ena ankati ndi tsempho, wina wadumpha mwambo m'nyumbamo. Ena ankangotsinana n'kutchula kaliwondewonde chapansipansi. Mayi athu adayenda kwa asing'anga kawiri konse. Tsiku limene alamu adalavula makhololo a magazi m'pamene tonse tidagonja, n'kuwakweza pa njinga yawo yomwe, ulendo wa kuchipatala.

Kumeneko adayeza makhololo, adayezanso magazi. Kachilombo ka HIV sadakapeze. Chidapezeka ndi chifuwa chachikulu, TB. Atawaimika pa sikelo, munthu wamtali ngati uja, muvi udakaima pa 46. Adokotala adalemba m'buku, adapereka mapiritsi, n'kulongosola kuti ndi a miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa tsiku, komanso kuti mkodzo ufiira koma tisachite mantha. Potsiriza adayang'ana achemwali n'kunena mawu awiri amene ndakhala ndikuwatembenuza m'mutu zaka zonsezi: "Azidya bwino."

Achemwali adapinda manja n'kuyankha kuti, "Chabwino adokotala." M'nkhokwe kunyumba munalibe ndi chitsononkho chomwe.

Ine ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Limbe. Kwathu mlongo ndiye mwini mbumba, choncho vuto la m'nyumba mwa achemwali limagogoda pakhomo panga. Nditamva uthengawo ndidachita zimene munthu wasukulu wa m'tauni amachita. Ndidalowa m'famase n'kugula botolo la mavitamini, mapiritsi achikasu onyezimira, pa ndalama zoti kumudzi zikadagula ndiwo za milungu iwiri. Ndidalinyamula m'chikwama ngati chithumwa. Nditafika ndidaliika patebulo n'kunena kuti, "Alamu, awa ndi amphamvu zedi. Limodzi patsiku, muona thupi likubwerera." Ndidakwera minibasi yobwerera mtima uli m'malo, ndikudziwerengera kuti udindo wa umalume ndaukwanitsa.

Achemwali nawo adachita zimene akadatha. Nandolo atauma adamenya, adapeta, n'kugulitsa yense kwa mavenda a masikelo a pamsewu, osasiyako ndi ndowa imodzi yomwe. Ndalama zake zidagula chimanga, zidalipira maulendo okatenga mankhwala, zotsala n'kumagula dzira limodzilimodzi, kapaketi ka mkaka, nthawi zina kamulu ka matemba. Njinga idali itatsamira khoma pakhonde, ndiye kuti khobidi lina lolowa panalibe. M'mawa alamu ankamwa phala loswera dzira. Masana ankalandira mitanda iwiri ndi matemba, ana atatu n'kumalimbirana nsima yotsala ndi masamba owiritsa ndi mchere. Ine ndikabwera kumapeto a mwezi ankandipakulira ngati mlendo. Ndikati, "Achemwali, bwerani tidyere limodzi," yankho silinkasintha: "Idyani achimwene, ine ndadya kale kukhitchini."

Zimene ankadya kukhitchiniko ndidaziona tsiku lina ndikukatunga madzi akumwa. Adali atakhala pachitsa, mphika uli pamiyendo, akupala makoko ndi supuni n'kumasunsa m'kambale ka madzi a mchere. Atandiona adaseka, inenso ndidaseka. Amayi akwathu amakonda makoko, ndidadziuza motero, n'kutuluka ndi kapu yanga.

Mwezi wachitatu alamu adayamba kudandaula mapazi. Ankati akuyaka ngati aponda makala, usiku n'kumachita dzanzi. Mayi adati basi zaoneka, munthuyu adaponda mankhwala panjira, TB ndi chophimbira chabe. Koma adokotala atamva sadadabwe. Adati pa mankhwala anayi amene wodwala amayamba nawo, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, isoniazid amasokoneza vitamini B6 m'thupi, ndipo mitsempha ya kumapazi ndiyo imayamba kulira, makamaka mwa munthu woonda kale. Adawonjezera timapiritsi ta pyridoxine, lomwe ndi dzina lina la vitamini yemweyo. Patapita milungu ingapo moto uja udazima. Ine ndiye kunyada: si ndinkanena kuti nkhani yagona pa mavitamini?

Alamu adamaliza mankhwala kumayambiriro kwa 2017, sikelo itafika pa 55. Tidapha nkhuku, njinga idabwerera pamsewu. Ndiyeno mwezi wa Julayi, nandolo wina akukhwima m'munda, mwana wamkulu wa achemwali adandiimbira foni. "Amalume, amayi akutsokomola ngati mmene ankachitira ababa muja." Akulu adati mvula ikakuona litsiro siikata. Kuchipatala zidali zomwezija: HIV palibe, TB ilipo. Pa sikelo muvi sudafike ndi pa 40 pomwe.

Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi lidandisowetsa tulo. M'nyumba ija munkagona anthu asanu. Mayi ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pamphasa ya wodwala. Inenso ndidagonamo kangapo. Tonse tidapuma mpweya umodzi. Nanga matendawa adasankhiranji achemwali? Yankho lapafupi n'lakuti iwo ndiwo ankagona chipinda chimodzi ndi wodwala, ndipo n'zoona. Koma nditayamba kuwerenga ndi kufunsa azaumoyo, ndidapeza kuti limeneli ndi theka chabe la yankho. Theka linalo lidali mumphika uja.

Pa 24 Malichi 1882, Robert Koch adauza madokotala anzake ku Berlin kuti wakaona kachilombo koyambitsa TB, n'chifukwa chake tsiku limeneli ndilo lokumbukira matendawa padziko lonse. Kachilomboka kamayenda mumpweya wodwala akatsokomola. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse adakapumirapo kale. Koma mwa anthu 100 otere, amene amadzadwala pa moyo wawo wonse ndi 5 mpaka 10 okha. Enawo thupi limakamangira mpanda m'mapapo. Asilikali a m'thupi amakazinga, iko n'kukhala momwemo zaka ndi zaka, mwina mpaka mwini wake kukalamba n'kufa ndi zina.

Amene adakulira kumudzi amadziwa kuti mpanda wa udzu sumangidwa kamodzi. Chiswe chimadya, mphepo imapendeketsa, chaka ndi chaka pamafunika mitengo, udzu ndi luzi zatsopano. Mpanda wa m'mapapo nawo umakonzedwa tsiku ndi tsiku, ndipo zokonzera zake zimachokera m'mbale. Kachilombo ka HIV kamaugumula mwachangu, n'kuona kwathu kuno TB ndi HIV timazitchulira pamodzi mpaka kuiwala kuti pali zogumula zina. WHO imatchula zisanu zimene zimakankhira anthu ambiri m'matendawa: kuperewera kwa zakudya m'thupi, HIV, mowa, fodya ndi matenda a shuga. Mukawerengera dziko lonse lapansi, kumene anthu 10.8 miliyoni adadwala TB mu 2023, chimene chimatsogola pa zisanuzi ndi kuperewera kwa zakudya.

Umboni wina ndi wa kuseri kwa phiri konkuno. Ku Thyolo ofufuza adayeza odwala TB 1,181 pa tsiku loyamba mankhwala, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2002. Anthu 57 mwa 100 alionse adali onyentchera, ndipo amene adali owondetsetsa ndiwo ankamwalira kwambiri m'milungu inayi yoyambirira, mankhwala asanagwire n'komwe. Njala imatsegulira TB chitseko, TB ikalowa imathetsa chilakolako cha chakudya, imatenthetsa thupi, imadya minofu. Ikamaliza pathupi imadyanso m'thumba, poti wodwala sapita kumunda, njinga siyenda. Zikatero njala ya mmodzi yasanduka ya banja lonse, ndipo onse m'banjamo kachilombo adakapuma kale.

Nanga botolo langa lija? Ndidapeza kuti sindidali woyamba kukhulupirira zoterezi, ndipo anzanga m'chikhulupirirocho ndi anthu amaina. M'zaka za m'ma 1840 madokotala a pachipatala cha Brompton ku London ankamwetsa odwala TB mafuta a chiwindi cha nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa cod. Mu 1903 Niels Finsen wa ku Copenhagen adalandira mphoto ya Nobel chifukwa chochiza TB ya pakhungu ndi kuwala kwa nyali zamphamvu, ndipo chaka chomwecho Auguste Rollier adayamba kugoneka odwala padzuwa ku Leysin, m'mapiri a Switzerland. Pambuyo pake zidadziwika kuti mafuta a nsomba aja ali ndi vitamini A ndi D wochuluka, kuti khungu likaombedwa ndi dzuwa limapanga vitamini D, ndiponso kuti vitamini ameneyu amathandiza asilikali a m'thupi kupanga chida chawochawo chophera kachilombo. Ku Lima, likulu la Peru, kafukufuku amene adatuluka mu 2017 adatsata anthu okhala nyumba imodzi ndi odwala TB. Amene magazi awo ankasowa vitamini A adapezeka kuti mpata woti adwale udali wokula kakhumi kuposa wa anzawo.

Zikatero nzeru imangoti tiwapatse mapiritsi nkhani ithe. Adayesa. Ku Ulaanbaatar, likulu la Mongolia, kumene chisanu chimatsekera anthu m'nyumba miyezi yambiri, ana asukulu 8,851 adagawidwa pawiri. Ena ankamwa vitamini D mlungu uliwonse kwa zaka zitatu, ena kapiritsi kopanda kanthu. Zotsatira zitatuluka mu 2020, ana a magulu onse awiri adali atatenga kachilombo ka TB mofanana. Kwathu konkuno, ku Zomba ndi ku Blantyre, odwala TB akuluakulu adapatsidwa mapiritsi a mavitamini osiyanasiyana pamwamba pa mankhwala awo, ndipo lipoti la mu 2007 lidaonetsa kuti imfa sizidachepe.

Zidanditengera nthawi kuti ndigwirizanitse ziwirizi. Kusowa vitamini n'koopsa, koma kumwa vitamini sikukuteteza. Zitheka bwanji? Ndidazimvetsa nditabwerera ku mpanda uja. Mavitamini ndi luzi. Popanda luzi mpanda umagwa, koma palibe adamangapo mpanda ndi luzi lokha. Munthu amene magazi ake akusowa vitamini A kawirikawiri akusowanso zomanga thupi, mafuta, ndi nsima yeniyeniyo. Kwathu kuno shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amathiramo kale vitamini A, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti vuto la vitamini ameneyu lachepa kwambiri. Koma kafukufuku yemweyo adapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 10 akusowa zinki, amene amapezeka m'nyama, nsomba ndi nyemba. Ukatseka bowo ili, lina likuonekera uko. Chimene chimatseka mabowo ambiri nthawi imodzi ndi mbale yokhala ndi zinthu zingapo.

Sindikunyoza luzi. Mapazi a alamu adazizira ndi vitamini B6, ndipo ndidaonanso china nthawi imene ndinkaperekeza achemwali kukatenga mankhwala. Pabenchi tidakhala ndi bambo wina amene khosi lake lidada mozungulira ngati wavala mkanda wa makala, mikono itasupuka paliponse pamene dzuwa limaomba. Akazi awo ankanong'ona kuti adawathira mankhwala m'madzi osamba. Adokotala adati ndi pelagra, matenda obwera thupi likasowa vitamini B3. Chimanga chili naye vitamini ameneyu koma womangika, thupi silitha kumutulutsa bwino, ndipo tikakonola, kuviika mphale n'kugayitsa ufa woyera, zabwino zambiri zimapita ndi gaga kwa nkhumba ndi nkhuku. Munthu wodya nsima yoyera ndi mchere amakhala ali m'mphepete mwa dzenje, isoniazid n'kudzangomukankha. Kafukufuku wa m'dziko muno amene adatuluka mu 2022 adatsimikiza kulumikizana kumeneku pakati pa anthu omwa isoniazid podziteteza ku TB. Akulu a m'maboma a m'malire adaonapo khungu lotere kale. Mu 1990 anthu opitirira 18,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique adadwala pelagra m'misasa ya kuno, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Bambo wa pabenchi uja sadauzidwe kuti asiye mankhwala a TB. Adamupatsa mapiritsi a vitamini B3, kenaka adokotala adafunsa akazi awo kuti, "Mtedza kunyumba ulipo? Nsinjiro zisamasowe m'ndiwo. Ufa muzigayitsa mgaiwa."

Mbiri imanenanso zomwezo mokweza. Ku England ndi Wales imfa za TB zidatsika kwambiri kwa zaka pafupifupi 100 mankhwala oyamba, streptomycin, asanatulukiridwe mu 1943. Akatswiri amatsutsana kuti chidathandiza kwambiri n'chiyani pakati pa nyumba zabwino, kupatula odwala ndi chakudya, koma chakudya palibe amachichotsa pamndandanda. Nkhani imene idandilasa mtima ndi ya Denmark. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse dzikolo silidamenye nawo. Lidapeza msika, n'kumagulitsa nyama, nsomba ndi batala kwa omenyanawo pa mtengo wokoma, eni dziko osauka n'kumadya zotsala. Imfa za TB zidakwera. Mu 1917 njira za panyanja zidatsekeka, malonda adaima, chakudya chidatsalira m'dziko, ndipo imfa zija zidayamba kutsika nkhondo isanathe. Nditawerenga zimenezi m'maso mwanga mudabwera mavenda a masikelo aja ndi matumba a achemwali.

Kenaka mu 2023 magazini ya zachipatala ya The Lancet idafalitsa kafukufuku wa ku Jharkhand, dera losauka la kum'mawa kwa India, wotsogozedwa ndi madokotala Anurag Bhargava ndi Madhavi Bhargava. Odwala TB 2,800 onse ankalandira chakudya pamodzi ndi mankhwala. Funso la ofufuzawo lidali pa anthu enawo a m'nyumba, okwana 10,345: akazi, amuna, ana ndi makolo a odwala. M'madera ena anthu amenewa sadapatsidwe kanthu, monga zimakhalira nthawi zonse. M'madera ena wamkulu aliyense ankalandira mwezi ndi mwezi makilogalamu 5 a mpunga, kilogalamu imodzi ndi theka ya nyemba, ndi mapiritsi a mavitamini, pa nthawi yonse imene m'bale wawo ankamwa mankhwala. Patatha zaka ziwiri, m'mabanja olandira chakudya TB ya mitundu yonse idachepa ndi 39 pa 100 alionse, ndipo TB ya m'mapapo yotsimikizika ndi makhololo idachepa ndi 48 pa 100 alionse, pafupifupi theka. Nyemba zakezo zidali nandolo wochotsa makungu, wonga amene ife timaphikira chipere.

Nandolo! Yemweyu timalima ku Phalombe, ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Zomba, amene wambiri akachoka kwa mavenda amakathera m'miphika ya ku India komweko, dziko limene mu 2021 lidasainirana ndi Malawi kuti matani 50,000 azilowa kumeneko chaka chilichonse. Ndidatenga cholembera ngati ndili m'kalasi. Kilogalamu imodzi ndi theka pamwezi ndi kadzanja kamodzi patsiku. Anthu asanu, miyezi isanu ndi umodzi, zikukwana makilogalamu 45. Thumba limodzi, losadzaza n'komwe. Achemwali adagulitsa matumba angapo.

Sindingawaloze chala. Popanda kugulitsa, chimanga chikadachokera kuti? Ulendo wa kuchipatala akadalipira ndi chiyani? Adauzidwa kuti wodwala azidya bwino, ndipo adamvera mpaka kudzimana okha. Mawu a adokotala adali oona, kungoti adali a munthu mmodzi pamene mphika udali wa asanu. Ngati pali woti ayankhe mlandu ndi mwini mbumba, amene adaona mlongo wake akusunsa makoko m'madzi a mchere, n'kuseka, n'kutuluka ndi kapu ya madzi. Ndalama za botolo lija, ndi za mabotolo awiri amene adatsatira, zikadawombola thumba limenelo.

Chaka chimene achemwali adadwala chidatichitira za Denmark ife osadziwa. Mu Ogasiti 2017 India idaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, mtengo kuno n'kugweratu. Mavenda ankatchula ndalama yoti mlimi angoseka ndi misozi. Anthu adalira ndipo adali ndi chifukwa, poti fizi ya ana, feteleza ndi malata zonse zidali m'matumba amenewo. Alamu adakwiya n'kunena kuti kuli bwino adye ndi anankafumbwe kusiyana n'kupereka ulere. Anankafumbwe sadapeze mpata. M'nyumba ija mudadyedwa nandolo chaka chonse: wophika ndi tomato, chipere, wosakaniza ndi chinangwa, mpaka ana kumadandaula. Ine ulendo uno sindidalowe m'famase. Ndinkatsika minibasi ndi usipa wa ku Limbe, botolo la mafuta ndi mtedza, ndipo tidadzala mbatata yofiira mkati kudimba. Achemwali adamaliza mankhwala kumayambiriro kwa 2018 masaya atabwerera. Mwa ana atatu aja palibe adadwala.

Nyumba imodzi si kafukufuku, ndipo nandolo sapha kachilombo. Chimene chidachiza achemwali ndi alamu ndi mapiritsi aja, miyezi iwiri mankhwala anayi, miyezi inayi awiri, aulere m'zipatala za boma. Amene amasiyira panjira poona kuti wanenepa akuweta TB yosamva mankhwala. Mwana wamng'ono, yemwe adali asanakwane zaka zisanu, adamwetsedwa mankhwala oteteza. Mazenera amene adali otsekedwa ndi njerwa poopa akuba tidawatsegula kuti mphepo izidutsa. Zonsezi zidagwira ntchito yake. Chimene ndikunena n'chakuti pa mndandanda umenewu chakudya cha osadwala chimaiwalika, pamene ndi iwo amene ali pamzere.

M'zipatala zathu pakhoma pamakhala chithunzi cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Wodwala wonyentchera kwambiri amatha kulandira chiponde kapena Likuni Phala, ndipo aliyense amadziwa kuti zikafika kunyumba ana amanyambitako, poti palibe kholo lingameze mwana akuliyang'ana kukamwa. Ena amati kumeneko n'kuba mankhwala a wodwala. Anthu a ku Jharkhand aja atiphunzitsa kuti mwina anawo akulandira gawo limene lidayenera kukhala lawo kuyambira pachiyambi. India kuyambira 2018 imapereka ndalama ya chakudya mwezi uliwonse kwa aliyense amene ali pa mankhwala a TB. Ife thumba la boma ndi lochepa, koma funso silidula. Azaumoyo akabwera pakhomo kudzafunsa kuti wina akutsokomola ndani, afunsenso kuti wotsiriza kudya ndani. Achibale, ampingo ndi a banki m'khonde akamakazonda matenda, phukusi lawo liziwerengera nyumba yonse. Zambiri zofunikazo sizichokera kusitolo: bonongwe, chisoso ndi nkhwani zotendera, mango ndi mapapaya, ngumbi pa nyengo yake, bonya wa kamulu kamodzi, mgaiwa m'malo mwa woyera.

Wotsiriza kudya timamudziwa tonse. Mwambo wathu umati bambo ayambe, alendo alemekezedwe, ana akhute, ndipo wogwira mthiko aone yekha. Pa chaka cha mwanaalirenji palibe amavulala nazo. Pa chaka cha njala, m'nyumba muli chifuwa, mwambo womwewo umaloza amene adwale pambuyo pake, ndipo umaloza yemweyo amene akusamalira onse.

Masiku ano nandolo akamenyedwa, thumba limodzi limalembedwa ndi khala n'kukaikidwa m'nyumba mwa mayi, kutali ndi maso a mavenda. Ana amalitcha thumba la amalume. Mtengo ukwere bwanji, ilo silikwera sikelo. Mwezi wathawu ndidapita kukawaona. Achemwali adayala mphasa pakhonde, adabweretsa madzi osamba m'manja, nsima ndi chipere, n'kutembenuka.

"Achemwali, bwerani tidyere limodzi."

"Idyani achimwene, ine ndadya kale kukhitchini."

Ndidanyamula mbale zonse ziwiri n'kuwatsatira. Ndidakhala pachitsa chija, utsi ukundiliza misozi, ana akugubuduka ndi phwete pakhomo poona amalume a ku Limbe ali pa mafuwa.

"Achimwene, anthu akaona adzati chiyani?"

"Adzati akudya."

Adapukusa mutu, adasamba m'manja, n'kutema nsima. Adadya mtanda wonse ine ndikuona, adaonjezera theka la wina, chipere n'kutha m'mbale. Kenaka adakoka mphika, adauika pamiyendo, n'kutenga supuni.

"Koma awa okha," adatero akupala, "musandiletse."